Mulekeni awerenge yekha chenji

Pa K500 pali nkhope ya John Chilembwe. Pa K2,000 palinso Chilembwe yemweyo. Pa K1,000 pali Kamuzu, ndipo K5,000 itatuluka mu 2022 inabweranso ndi Kamuzu. Ambirife sitinazilabadirepo zimenezi, poti diso limathamangira pa nambala, dzanja n'kulandira, basi. Ine ndinazizindikira tsiku lomwe mwana wa mchemwali wanga anabwera kuchokera pa okala atanyamula kasopo kamodzi, chenji alibe, akumwetulira ngati mlenje wapha nyama: "Amalume, ndapereka Chilembwe monga munanenera."

Wolakwa woyamba ndinali ine. Mnyamatayu ali ndi otizimu, kutanthauza kuti ubongo wake umayenda njira yakeyake, ndipo nthawi imeneyo, ali ndi zaka 12, manambala ataliatali ankamusokoneza, koma chithunzi akachiona kamodzi sankachiiwala. Ndiye ine ndinkayesa ndatulukira njira yachidule: sopo ndi Chilembwe mmodzi, mandasi awiri ndi Rose Chibambo wa pa K200, machesi ndi James Sangala wa pa K100. Tsikulo m'kachikwama ka mayi ake munalibe K500, munali K2,000. Iye anaona Chilembwe, n'kutenga. Wolakwa wachiwiri anali mnyamata wogulitsa pa okalapo, amene analandira, n'kuponya m'katoni, kukamwa kuli phee. K1,500 inapita choncho, ndalama ya ndiwo za tsikulo.

Mchemwali wanga sanakalipe. Anangokhala pa khonde, n'kunena mawu amene ndawamva m'makomo ambiri: "Ndinanena ine, achimwene. Uyu asamagwire ndalama."

Mawu amenewa ndimawamvetsa. Amatuluka m'kamwa mwa mayi wotopa, amene K1,500 kwa iye si yoseweretsa. Komabe ndi olakwika, ndipo amapweteka mwana yemweyo tikuti tikumuteteza. Mwana amene sitimulola kutaya K500 ife tili moyo, adzataya nyumba ndi munda ife titatsikira kuli chete.

Ndikunena za ana amene ubongo wawo umayenda njira yakeyake. Ena ali ndi otizimu ngati wathuyu: amafuna zinthu zizichitika lero monga zinachitikira dzulo, phokoso limawabaya m'makutu, mawu amawamva monga momwe anenedwera, osaganizako kuti wolankhulayo angakhale ndi kampeni kumphasa. Ena ali ndi ADHD: mutu wakuthwa ndithu, koma sakhazikika, amaiwala, ndipo mtima ukangofuna chinthu dzanja limakhala litachita kale. Ena zilembo zimawavinira papepala, chimene madokotala amati dyslexia. Ena ndi manambala amene sawalowa, dyscalculia, moti 500 ndi 5,000 amaziona ngati mapasa. Palinso ana a Down syndrome ndi ena ophunzira pang'onopang'ono. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi otizimu. Muonjezepo enawa, muona kuti n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana wotere.

Chichewa chathu sichinawakomere mtima anawa. Timati wozerezeka, wopepera, chitsiru, wosamva, wopulupudza, mbuli ya m'kalasi. Choipitsitsa ndi chija timanong'onezana, makamaka bambo ake akakhala ndi chigayo kapena golosale yoyenda bwino: akuti anamukhwimira, nzeru za mwana anaziika mu bizinesi. Taganizani kaye. Mudzi wonse ukukhulupirira kuti chuma cha pakhomopo chikuchokera m'mutu mwa mwanayo, koma mwini mutuyo saloledwa kugwira ngakhale K100 ya machesi. Palibe chizimba apa. Otizimu ndi ADHD nthawi zambiri zimatsata kumtundu, Down syndrome imabwera mwana akabadwa ndi ma chromosome a nambala 21 atatu m'malo mwa awiri, ndipo ana otere amabadwa kwa mwini chigayo ndi kwa waganyu chimodzimodzi.

Kholo lililonse la mwana wotere limagona ndi funso limodzi: ndikadzafa, uyu adzakhala bwanji? Yankho lathu la masiku onse n'lakuti abale adzamusunga. Ena adzamusungadi. Koma tonse taonapo zimene zimachitika pa siwa, mtembo usanatuluke m'nyumba makiyi asowa kale, mapepala a malo ali m'thumba la munthu amene kwa zaka 10 sanapondepo pakhomopo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu ndi mlandu, koma lamulo silinyamuka lokha kupita kupolisi. Pamafunika munthu wodziwa kuti chakuti n'changa, chinali chochuluka chonchi, pano chachepa. Wokula akuuzidwa kuti ndalama si zogwira iye sadzadziwa n'komwe kuti waberedwa. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 12 ya panganolo imanena poyera kuti ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, wolandira chuma cha masiye, ndi woyendetsa okha nkhani za ndalama zawo, akuthandizidwa pomwe pafunika thandizo. Mu 2024 panabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali, bungwe la boma loona za anthuwa la MACOHA n'kusanduka MACODA. Zabwino zonsezi. Koma munthu wa zaka 30 amene sanagulepo yekha mchere, ufulu umenewo adzaugwirira pati?

Patapita masiku awiri ndinapita pa okala paja. Sindinapite ndi nkhondo. Ndinalankhula ndi mwini wake, mayi wachikulire, amene anagwidwa manyazi n'kubweza K1,500 ija pompo. Kenako tinapangana kuti mnyamatayu azibwera masana, ana a sukulu asanadzaze, wailesi ili yotsitsa, ndi kuti chenji azimupatsa pepala limodzilimodzi akutchula mokweza, osamuthamangitsa ngakhale kumbuyo kwake kukhale mzere. Mayiwa anasanduka mphunzitsi wondiposa ine kutali. Paja timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa nkhani ya ndalama mwambiwu ndi ntchito yeniyeni, chifukwa aphunzitsi ake ndi wa pa okala, wogulitsa tomato, wa kabaza, ejenti wa ndalama za pa foni. Kumutuma mwana musanalankhule ndi mmodzi mwa amenewa n'kumuponya m'madzi kuti muone ngati angasambire.

Kunyumba tinazisiya za nkhope. Tinatenga katoni n'kujambulapo makwerero, pansi K50, pamwamba K5,000, ndipo madzulo alionse ankayala ndalama, iliyonse pa sitepe yake. Ndalama zenizeni, osati mapepala odula ndi lumo. Ana ambiri a otizimu chimene aphunzira pa chinthu china sachisamutsira okha pa china chofanana nacho. Ndalama ya pepala la kope imene amagulira miyala m'kalasi, kwa iye ndi pepala la kope basi. Yeniyeni ili ndi fungo lake, imafewa, imang'ambika, ina imabwera yomata ndi selotepi, ndipo zonsezo ayenera kuzizolowera. Wathuyu anatha mwezi akukana K200 yakuda ndi thukuta la mumsika, ati si Rose Chibambo amene amamudziwa iye. Tinamuphunzitsa kuika chala pa nambala n'kuwerenga maziro. Chilembwe wa maziro awiri, Chilembwe wa maziro atatu. Kamuzu woyamba ndi 1, Kamuzu woyamba ndi 5. Ankazibwereza ngati nyimbo, mpaka mlongo wake wamng'ono anaziloweza asanayambe n'komwe sukulu.

Kugulako tinayambira kumapeto. Masabata oyamba ndinkasankha katundu ndine, kufunsa mtengo ndine, iye yake inali kungopereka ndalama ndi kulandira chinthucho. Atazolowera anatenganso ntchito yofunsa mtengo. Kenako ine ndinayamba kuima patsinde pa mtengo wa mango, kenako pa ngodya ya mpanda, kenako kutsala kunyumba maso ali pa wotchi, mtima uli m'mwamba.

Cholakwa china chimene makolo ndi aphunzitsi timachita ndi kudikira kuti mwana adziwe kaye kuchotsera ndiye adzayambe kugula. Ena sadzafika pamenepo, ndipo kugula sikudikira zimenezo. Chinthu chikakhala K750, pereka ndalama ya sitepe yotsatira pa makwerero, K1,000, kenako tambasula dzanja udikire. Mawu oti anene tinaloweza ngati vesi ya Sande sukulu: "Ndi zingati?" asanagwire katundu, ndi "Chenji changa ndi zingati?" atapereka. Funso lachiwirili palokha limachepetsa kuba, chifukwa wogulitsa wofunsidwa anthu akumva amachita manyazi kubisa. Kakuleta ya pa foni nayo si yochititsa manyazi. Amayi ogulitsa kaunjika ku Limbe amaidina tsiku lonse, a m'banki nawo sawerengera pa zala. Nanga bwanji mwana amene manambala amamuzunguza mutu ndiye tizimukakamiza kuwerengera pamtima ngati ali m'mayeso a Sitandade 8?

Zinthu zitayamba kuyenda, kwacha inatisokoneza tonse. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mitengo n'kuyamba kusintha ngati birimankhwe. Kwa ife zinali zowawa m'thumba. Kwa mwana amene mtima wake umakhazikika pokhapokha lero likafanana ndi dzulo, zinali ngati nthaka yagwedezeka. Tsiku lina anaima pa okala nthawi yaitali akubwereza mtengo wakale wa buledi, akukana kuonjezera, zala zili m'makutu, mpaka mayi aja anatuma mwana kudzandiitana. Kwa iye mayiwo anali ataphwanya lamulo. M'pamene ndinaona kuti kumuloweza mitengo kunali kumutchera msampha wina, wofanana ndi wa nkhope uja. Tinalemba mitengo m'kope ndi pensulo, osati bolopeni, ndipo kufufuta wakale n'kulemba watsopano inakhala ntchito yake ya Loweruka lililonse. Lamulo latsopano linali lakuti mtengo umayenda, ndiye funsa kaye. Atangolilandira ngati lamulo, mtima unakhala pansi. Pano ndi iye amene amatiuza kuti shuga wakwera kangati chiyambire Januwale, ndipo musayese kutsutsana naye.

Zonsezi sizikanamuthandiza mwana wamkazi wa mnzanga wina wa kutchalitchi, yemwe ali Fomu 2. Uyo masamu amakhoza kundiposa. Vuto lake n'lakuti ndalama imamuyabwa m'manja. Bambo ake ankamupatsa ya thiransipoti ya sabata yonse Lolemba, pofika Lachiwiri madzulo yatha psiti: zigege, bandulo, kugulira anzake mafirizesi, ina osadziwa komwe anaisiya. Anakwapulidwapo, anapemphereredwapo, anatchedwa wosakaza. Atapezeka ndi ADHD m'pamene bambowo anamvetsa kuti si mwano. Ubongo wa mwana wotere unagwiritsitsa mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: chimene chili apa n'chenicheni, cha Lachisanu chili ngati nthano. Kumuuza kuti aziganizira za mawa kuli ngati kuuza mwana wosaona patali kuti ayang'anitsitse pa bolodi, m'malo momugulira magalasi.

Magalasi ake anali otchipa. Ndalama ya tsiku limodzi m'malo mwa ya sabata. Ataikwanitsa kwa mwezi, ya masiku awiri. Pano ali pa masiku atatu, ndipo nthawi zina amabwerera m'mbuyo. Ya minibasi yobwerera imakhala m'thumba lazipi, kutali ndi ya zodyadya. Yosunga amaponya m'chitini chomata chimene sichitseguka popanda mpeni, ndipo pakhoma anamatapo chithunzi cha nsapato akufunazo ndi timabokosi 20 toti azidetsa kamodzi akaponya K500. Chimene sakuchiona, kwa iye kulibe, ndiye chilichonse chiyenera kukhala pamaso. Chinthu choposa K2,000 sagula tsiku lomwelo: amachijambula pa foni, agone kaye, ndipo zambiri kukacha sazifunanso. Chimene chinawavuta bambo ake koposa ndi tsiku lomwe mtsikanayu anadya ya minibasi. Anamuleka abwere wapansi, masana, limodzi ndi anzake oyenda njira yomweyo, osamutumizira ina, komanso osamukalipira atafika. Akuti kuugwira mtima kuti asakalipe kunali kovuta kuposa kuugwira kuti asatumize.

Mantha anga aakulu pa ana onsewa ali pa foni. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba ilibe fungo, ilibe kulemera, siichepa m'manja iwe ukuona. Ndi nambala chabe, ndipo nambala ndi zomwe ena mwa anawa zimawazemba. Wa dyslexia akamalimbana n'kuwerenga mndandanda wa pa sikirini nthawi imamuthera, n'kuyambiranso. Kachitatu amangopereka foni kwa munthu wosamudziwa kuti amuthandize, ndi nambala yachinsinsi yomwe. Wa ADHD amakumana ndi ngongole ya mayunitsi yomwe imabwera ukangodina kangapo, komanso kandege, masewera ochita ngati anapangira iyeyo: kudina, kudikira masekondi ochepa, mtima phaphapha, kudinanso. Lamulo limaletsa osakwana zaka 18 kutchova juga, koma foni ya achimwene ake siifunsa zaka. Wa otizimu amalandira uthenga uja tonse tinaulandirapo, wakuti ndatumiza ndalama molakwika chonde bwezani, ndipo popeza iye sanama, saona chifukwa choti wina aname.

Apa ndiye anthu amati mwaonatu, musawapatse mafoni. Koma dziko linapita kale kumeneko. Fizi, magetsi, madzi, ngakhale chopereka cha kutchalitchi zikudutsa pa foni, ndipo pa zaka 16 mwana amakhala wafika kale pa msinkhu wotenga chiphaso cha unzika. Chofunika ndi malamulo ochepa, olimba, opanda "koma". Wathuyu ali ndi awiri. Nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale amalume. Ndalama satumiza kwa aliyense amene wamuimbira kapena kumulembera asanawaonetse mayi ake. Ndinamuyesa ndithu: ndinabwereka foni ya mnzanga, n'kusintha mawu, ndikudzitcha wa ku kampani. Ulendo woyamba anandiuza manambala onse anayi mwaulemu, n'kuthokoza. Wachiwiri anazengereza. Wachitatu anangoti, "Lamulo likukana," n'kudula. Kuuma mutu komweko kumene kumatitopetsa kunyumba ndi kumene kumamuteteza. Tambwali amadyera anthu ochenjera amene amakambirana naye, koma pa munthu wongobwereza lamulo amasowa polowera. Ndipo m'foni mwakemo simugona ndalama yoti itabedwa nyumba n'kulira.

Ndikumva wina akuti, inu mukukamba za m'tauni. Ine ndalama yoti mwana aziphunzirira kutaya ndiitenga kuti, ufa wa walkman womwewu ukundivuta? Funsoli sindilipeputsa. Koma sindikunena za ndalama yapadera. Mchere mugulabe. Kuchigayo mupitabe. Ndalama imeneyo ituluka m'nyumba lero, kaya kudzera m'dzanja lanu kaya m'dzanja lake, kungoti ikadzera m'dzanja lake imasiyamo kanthu. Yambani ndi yomwe itatayika simugona ndi njala, ya machesi, ya mulu wa tomato, inu muli pambali. Kumudzi mwayi ulipo woposa wa m'tauni, chifukwa wogulitsa amamudziwa mwanayo ndi agogo ake omwe, ndipo msika umagwa tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, zomwe ana okonda dongosolo amakondwera nazo. M'banja lolandira Mtukula Pakhomo, mwanayo azikhalapo pamphasa pogawa ndalamazo, azimva ndi kuona kuti iyi ndi ya sopo, iyi ya makope, iyi yatha. Pamenepo simunaononge ngakhale tambala.

Wina ati, wanga salankhula n'komwe. N'zoona, alipo ana amene sadzasunga okha chikwama mpaka kalekale, ndipo kunamizira kuti onse adzafika pamodzi n'kunyoza makolo amene akusambitsa mwana wa zaka 17 ngati khanda. Koma pakati pa kuyendetsa zonse ndi kusagwira konse pali mtunda wautali. Mwana amene angathe kuloza nthochi m'malo mwa mandasi, n'kupereka yekha ndalama yomwe mwamuika m'dzanja, waphunzira kuti zinthu zimasinthanitsidwa, kuti kufuna kwake kumamveka, ndi kuti pepala lija likapita lapita. Ambirife timamusankhira mwana pomwe tikanangomuthandiza kusankha, chifukwa kumusankhira n'kofulumira ndipo ndiwo zikupserera pamoto.

Chimene sitikonda kukamba n'chakuti wakuba woyamba wa anawa nthawi zambiri sakhala pa okala. Amagona m'nyumba momwemo. Msuweni amene "wabwereka" osabweza, podziwa kuti uyu sakumbutsa. Azakhali amene amamutungitsa madzi tsiku lonse, ana ena n'kuwapatsa ya ganyu, iyeyu n'kumupatsa zikomo. Anzake amene amamukonda tsiku lomwe ali ndi kanthu m'thumba, poti mwana wosowa anzake amalolera kulipira kuti asewere nawo. Ndisaloze ena okha. Nyumba zathu zili mumpanda umodzi, ndipo tsiku lina m'mawa nditasowa yosintha ya minibasi ndinatapa K1,000 m'chitini chake, ndikuti ndibweza madzulo. Ndinaiwala. Madzulo anabwera ndi kope: deti, dzina langa, K1,000. Ndinaseka n'kunena kuti mawa. Kwa ife "mawa" ndi mawu obwezera munthu mwaulemu; kwa iye mawa ndi mawa. 6 koloko m'mawa anali pakhomo panga, kope lili m'manja. Mchemwali wanga anafuna kumukalipira kuti akuchita mwano kwa amalume ake, ine ndinamuletsa. Tikamuphunzitsa kuti wamkulu akatenga ndalama yako sufunsa, ndiye kuti mbala ya m'tsogolo taikonzera njira ife tomwe. Ndinabweza, iye n'kudula mzere pa dzina langa ndi rula.

Chaka chatha, atakwanitsa zaka 15, mayi ake anamuyambitsa kugulitsa mazira pakhomo, thireyi imodzi ya 30. Zitini ziwiri, china cha mpamba, china cha phindu. Dzira likagulidwa, ya mtengo woodera imalowa m'choyamba, yotsalayo m'chachiwiri, ndipo cha mpamba sichitsegulidwa kufikira tsiku looda. Ndikudziwa akuluakulu ambiri, ine ndemwe ndili m'gulumo, amene bizinesi inatigwera chifukwa chodya mpamba. Iye sanadyepo n'kamodzi komwe. Ngongole sapereka, ngakhale kwa akulu a mpingo. Basela saidziwa. Kunenerera kumamukwiyitsa, ndiye tinalemba mtengo pa katoni kuti katoniyo iziyankha. Makasitomala ena anathawa, ati mwanayo ndi wouma mtima. Ena amabwera pa chifukwa chomwecho, podziwa kuti chenji chake sichiperewera ngakhale K50. Mayi ake amapita naye ku banki m'khonde, komwe sheya imodzi mwa zawo ndi ya phindu lake la mazira, ndipo amayi a m'gululo atazindikira kuti saiwala amene sanabweze, anayamba kumuopa kuposa mlembi.

Sukulu ikanatha kutithandiza kwambiri. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, yakhala ikusula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera kwa zaka zambiri, koma ndi ochepa, ndipo mphunzitsi wamba amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi ya Sitandade 2 sitingamuimbe mlandu kuti sanaone mmodzi amene sakusiyanitsa 500 ndi 5,000. Pempho langa n'laling'ono: komwe kuli chipinda cha ana otere, phunziro la ndalama lizituluka panja kamodzi pa sabata, kupita kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti, ndi ndalama yeniyeni. Makolo a m'magulu ngati PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, nawo azigawana tinjira totere, poti zambiri zimene ndalemba pano sindinazipeze m'buku, ndinazipeza polakwitsa. Ndipo a Reserve Bank of Malawi, tsiku lomwe adzajambulenso ndalama zathu, adzakumbukire kuti alipo Amalawi amene amawerenga nkhope asanawerenge nambala. Ngwazi zoti n'kuikapo sizinathe m'dziko muno.

Chimene chatikanika mpaka lero ndi minibasi. Pa okala pali dongosolo. M'minibasi ya pakati pa Bangwe ndi Limbe mulibe. Mtengo wa m'mawa si wa madzulo, mvula ikagwa umakwera, oitanira akukuwa, wailesi ili pamwamba, anthu apanikizana ngati usipa, ndipo kondakitala akalandira K2,000 amangoti, "Chenji kutsogolo, bwana." Ulendo woyamba wathuyu anadzuka kuti apite kutsogolo, kwa dalaivala, akatenge. Anthu anaseka. Iye sanaone choseketsa, ndipo kunena zoona Chichewacho anachimva bwino. Ulendo wina kondakitala anamuphatikizira chenji ndi mayi wina wosamudziwa kuti akagawane okha potsika, ndipo tinafika kunyumba akunjenjemera, osadya.

Pano timakonzeratu ndalama yokwanira ndendende m'thumba la malaya, ina yapadera m'thumba la buluku mwina mtengo wakwera, ndi mawu amodzi oti anene ikakhala yofunika chenji: "Akondakitala, chenji changa ndi chakuti." Takhala tikuyeserera pakhonde, mipando inayi, ine kondakitala, mlongo wake woitanira. Loweruka likubwerali tikwera limodzi kupita ku Limbe kukaoda mazira. Iye akhala pafupi ndi chitseko. Ine ndikhala mpando wakumbuyo kwenikweni, ndipo tapangana ndi mayi ake kuti ngakhale ndione akupatsidwa chenji choperewera, ndisatsegule pakamwa mpaka titatsika.